Martina Wanga Waphunzira Kukudikirani, Bwana

Kwa Olemekezeka Bwana Wamkulu Woyendera Masukulu,

Bwana, pepani kuti munthu wamba ngati ine ndikukudyerani nthawi. Ndine kholo la kwa Kawinga kuno ku Machinga, bambo wake wa Martina, mtsikana wa Sitandade 8 amene amaima kutsogolo ndi maluwa nthawi zonse mukalengeza kuti mukubwera pasukulu yathu. Simungamudziwe, poti simunafikebe. Koma chimwemwe chandisefukira ndi zimene mwana wanga waphunzira chifukwa cha inu, ndipo ndikapanda kuthokoza ndiphulika.

Choyamba, Chingerezi. Aphunzitsi ake, a Zubairu, adamulembera mawu okulandirani, ndipo Martina adawaloweza mpaka kumawanena osapuma. Amawanena pamjigo, amawanena akusinja. Azakhali ake atabwera kuchokera ku Balaka, mwana adawaimitsa pakhomo ndi mtolo kumutu n'kuwalandira m'Chingerezi m'dzina la makolo, aphunzitsi ndi komiti yonse. Azakhaliwo mpaka lero amatiopa. N'zoona kuti atauzidwa kulemba chimangirizo chofotokoza mudzi wake adalembanso mawu omwewo, koma a Zubairu akuti kalembedwe kake kadali kosalala.

Chachiwiri, masamu. Phunziroli limakhala m'mawa, nthawi yomwe ana amakhala atandanda kumsewu. Musade nkhawa, Bwana, masamu amawapeza konko. Foni ya ahedi ikalira timamva kuti mwanyamuka ku Balaka. Dzuwa likafika pamutu timamva kuti muli pamlatho wa ku Liwonde. Tsiku lina a Zubairu, pofuna kuti ana asagone chiimire, adawafunsa kuti galimoto yotereyi ifika nthawi yanji kwa Kawinga. Anzake adayamba kuwerenga zala. Martina adangoti sifika. Adakhoza yekha, ndipo ine ndidamupatsa dzira lonse.

Za sayansi ndiye musanene. Mwana wanga akudziwa kuti duwa lothyoledwa m'mawa limagwetsa nkhope dzuwa likapendeka, ndipo mwana wa Sitandade 1 amagwa duwalo lisanagwe. Akudziwa kusakaniza laimu ndi madzi. Miyala yonse ya m'mbali mwa msewu yapakidwapakidwa mpaka kunenepa, ndipo ulendo wathawu, miyala itatha, anyamata adapaka chulu.

Chachinayi, ulimi, ndipo apa ndikupemphani mutikhululukire. Mudalonjeza kudzadzala mtengo. Ana amakumba dzenje, inu osabwera, mbuzi n'kugweramo, ana n'kukwirira, kenaka uthenga n'kubweranso, ana n'kukumbanso. Palibe mwana kwa Kawinga kuno wokumba dzenje lokongola kuposa Martina. Koma mbande yanu, imene idaikidwa kuseri kwa ofesi ya ahedi, idatopa. Idang'amba chubu, idalowetsa mizu pansi, ndipo pano yapitirira denga. Yadzidzala yokha, Bwana, popanda chilolezo chanu. Ahedi saidutsa osaiyang'ana ndi diso loipa, ndipo komiti ikukambirana ngati n'koyenera kuti ana azikhala pamthunzi wa mtengo umene sunatsegulidwe.

Pa phunziro la zachikhalidwe ndi malo, Martina sadziwa mitsinje ya pamapu, koma fumbi amalidziwa. Amasiyanitsa la ngolo, la kabaza ndi la kamvuluvulu lidakali kutali. Kamodzi kokha ndi pomwe adalakwitsa. Kudatulukira fumbi lalikulu, lolemera, laulemu, iye n'kukweza dzanja, ng'oma n'kuyamba. Amayi a m'mudzi adayala zitenje pansi, ahedi adamanga batani la jekete. M'fumbimo mudatuluka lole ya nsomba zouma za ku Chiuta. Ng'oma ikayamba siimira panjira, Bwana. Dalaivala, bambo wina dzina lake Amosi, adatsika ali ndi thaulo pakhosi, adalandira maluwa, adamvetsera Chingerezi chonse chipewa chili pachifuwa, misozi ili mbwembwembwe. Adati chibadwire sadalandiridwepo choncho ngakhale kwa apongozi ake. Pobwerera adatisiyira bokosi la choko. Ana a makalasi ang'onoang'ono amakhulupirira kuti munali inu, ndipo amakukondani kwambiri. Sitinawauze.

Ndisabise, ine msewu umenewu ndimaukonda. Ndili mwana ndidaimapo pomwepo, wopanda nsapato, kudikira bwana wina wa nthawi imeneyo. Ndikukumbukira fungo la fumbi lowazidwa madzi, ndi mmene tinkasinthanirana kuponda pamthunzi wa mnzathu wamtali. Tinkasangalala zedi. Ndidachoka pasukulu ndi nyimbo zambiri m'mutu, ndipo lero ndikamapalira nandolo anthu odutsa amaima kumvetsera. Nditamuona Martina ataima pamalo anga enieni, ndi mawu aja adatengera kwa malemu amayi ake, ndidaseka mpaka kupukuta m'maso.

Nkhani ndi iyi. Martina akubwereza kalasi. Amafuna kudzakhala namwino. Amalume ake, omwe kuno kwathu mawu awo pa mwana amalemera kuposa anga, anena kuti dzina lake likapanda kutuluka ulendo uno pa osankhidwa kupita ku sekondale, amutenga akawalerere ana ku Liwonde. Mayeso ayandikira, ndipo buku lake la masamu likadali loyera kuyambira pakati mpaka kumapeto. Dzana, akuchapa yunifolomu, adandifunsa osandiyang'ana: "Ababa, kodi pamayeso pamabwera funso la kulandira alendo?" Ndidamuuza kuti ine sindidziwa, koma ndifunsa eni ake. Ndiye ndafunsa, Bwana. Ngati limabwera, konzeranitu malo kusukulu yogonera komweko, chifukwa mwana wanga aposa dziko lonse.

Ngati silibwera, ndili ndi kapempho kamodzi. Tamva kuti mwalengezanso zotiyendera sabata yamawa, ndipo ahedi ayitanitsa kale laimu. Sindikupempha mabuku, iyayi, kapena madesiki, kapena kuti musinthe chilichonse pa kachitidwe kanu. Galimoto ikhale pomwe imakhala, inunso mukhale pomwe mumakhala. Mungotumiza uthenga kwa ahedi kuti simubwera mpaka mayeso atatha, kuti ana alowe m'kalasi. Kusabwerako mumakutha kale, Bwana, ndipo palibe angakuposeni. Changotsala n'kunena.

Ine wanu wodzichepetsa ndi wokuyamikani kosaleka,

Elliam Makwinja
Bambo wake wa Martina
Kwa Kawinga, Machinga