Mapointi a Nyemba

Lolemba
Lachisanu mkulu wa dipatimenti akubwera kudzaona mmene ndimaphunzitsira. Akuti ophunzira anga a unamwino amawodzera, ndiye ndilowetse masewera m'phunziro. Akapanda kukhutira, semesita ikubwerayi ndilibe kalasi.
Nyemba ndagula kale kusitolo ya pa Lafayette Road, thumba lathunthu. Malamulo: wolondola yankho, nyemba imodzi, wophonya, abweze imodzi, gulu lodzaza kapu lapambana. Lero mpaka kulimbirana kuyankha. Ndine katswiri!

Lachiwiri
Maimelo mbwee. Funso ndi limodzi: kodi nyembazi zilowa m'magiredi? Wina akuti yake yagwera mu sinowo, chipale chofewa chija, poimika galimoto, ndimupatse ina. Mutu ukuwawa.

Lachitatu
Vuto ndi Mayi Nachisale. Ndi wophunzira wanga, inde, koma ndi msinkhu wa mayi anga, a kumpingo kwathu, omwe anandisunga nditangofika kunja kuno, mumzinda wa South Bend, ndilibe ngakhale jekete. Lero akuti mtima uli ndi zipinda zitatu, m'malo mwa zinayi. Ndiwalande nyemba iwowo? Dzanja likukana. Ndikuti, "Mwayandikira, mayi," n'kuwapatsa ziwiri. Kalasi yonse ikundiyang'ana.
Potuluka ndikuwaona akutola zogwa pansi, akung'ung'udza.

Lachinayi
Kulibe kalasi. Zokonza: mafunso makumi awiri, makapu anayi, tayi. Thumba la nyemba ndinalisiya m'kalasi dzulo. Bola, sindinyamulanso.

Lachisanu
Mkulu wakhala kumbuyo, cholembera m'manja. Thumba palibe. Ndikupempha ophunzira atulutse nyemba zawo, onse akuloza Mayi Nachisale.
"Ndinazikolekita zonse, aphunzitsi. Chakudya sitiseweretsa, anthu kumudzi akugona ndi njala."
Ndikuyesa kulemba mapointi pabolodi. Palibe akukweza dzanja. Mmodzi wawodzera pamaso pa mkulu penipeni. Mkulu akungolemba, kulemba, kulemba.

Loweruka
Imelo yafika. Akuti zikomo chifukwa cha khama, koma kalasi ija apatsa wina amene masewera ake ndi a pafoni. Ndakhumudwa, sindinama. Tsiku lonse pabedi.

Lamulungu
Mapemphero a Amalawi ku Lawrence. Ulendo wautali, koma ndikupitabe. Pa chakudya Mayi Nachisale akundiitana, akuvundukula poto.
"Idyani, aphunzitsi, mwaonda. Ndi mapointi aja. Ndiye ndawina ine, si choncho?"
"Mwawina, mayi."
Za imelo sindikuwauza. Ndadya mbale ziwiri. Chondipweteka n'chakuti aphika bwino.