Kilachi Yomwe Idaimitsa Maliro

Pali manyazi ena oti ngakhale imvi siziwaphimba. Anga ndi awa.

Ndinali makanika pa Petauke, zaka zija za chipani chimodzi, mashelefu m'masitolo ali mbee. Ndinali ndi kagalimoto kakale ka pikapu komwe waya wake wa kilachi ankaduka mwezi ndi mwezi. Nditatopa, ndidazula timapampu tiwiri pa lole yakufa, n'kuchotsa waya uja, n'kuika kilachi ya haidiroliki, yoyendera mafuta. Apongozi anga, a Mwanza, adaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Mkamwini, waya ukaduka umaoneka. Izi zanu zikafa zizafela mukati."

Ndidawaseka mumtima. Vuto lidali mafuta ake: mpaka ku Chipata kudalibe. Ndiye ndidapungula mwakachetechete botolo la saladi, mafuta ophikira omwe mkazi wanga, amake Tisa, adawaimira pamzere masiku awiri. Atadandaula, ndidanamizira makoswe.

Patatha masabata atatu, a Mwanza adamwalira m'chipatala. Monga mkamwini, ntchito yonyamula maliro kupita kwawo ku Luembe idagwera ine.

Titapitirira Nyimba, pakamtsinje kouma, ndidaponda kilachi. Idangoti fwaa mpaka pansi, osabwerera. Giya kukana, injini kuzima. Ndidadziwa pompo kuti saladi yadya malabala a m'mapampu.

Ndisanatsegule pakamwa, a Lungu, msuweni wa malemu, adavula chipewa.

"Musagwile chitsulo. Malilo akana. Alipo muno amene anamulakwila."

Kunena zoona, ndidaona ngati ndapulumuka: bola mlandu ugwere womwalira kusiyana ndi luso langa.

Dzuwa lidali likuswa mtengo, ndipo mtembo sudikira. Ntchentche zidayamba kutizungulira. Anthu ankapita mmodzimmodzi kukagwada pabokosi n'kupepesa. Wina adaulula za mbuzi, wina za malire a munda. Aliyense akatha, a Lungu ankati, "Yesani, a dilaiva." Ine n'kuponda ndi nkhope yachisoni, ndikudziwa kuti palibe chimene chichitike.

Kenaka maso onse adatembenukira kwa apongozi aakazi.

"Mwatsala imwe, amai. Munamudyetsa chani m'bale wathu?"

Mayiwo adagwa m'fumbi, kulira kosatuluka mawu. Wina adati asiyidwe pomwepo pathengo, mwina malemu avomera. Mawu oterewa akafika kumudzi, mayi wamasiye sakhalanso ndi nyumba. Ndidachita mantha, ndipo ndidadzida.

Ndidatsika n'kukagwada pabokosi.

"Apongozi, ndine. Munakamba zoona, zafela mukati. Ninathila saladi mu kilachi."

Amake Tisa adasiya kulira, n'kupukuta maso bwinobwino.

"Saladi iti? Ija ya makoswe?"

"Yamene iyo."

Njira yoyendera popanda kilachi ndinkaidziwa kuyambira pachiyambi, kungoti kuigwiritsa ntchito kukadandiulula. Tsopano panalibenso chobisa. Ndidalowetsa giya yachiwiri injini isanalire, n'kupotokola kiyi amuna akukankha. Kagalimoto kadadumpha ngati chule n'kuyamba kuyenda, okankhawo akukwera chothamanga.

"Mwaona!" adafuula a Lungu kumbuyo. "Anali kuyembekeza mkamwini!"

Kumanda adandiimika kutsogolo, nkhani yanga n'kuifotokoza pamodzi ndi mbiri ya malemu. Apongozi aakazi adatha chaka osandiyankha moni, ndipo sindikuwanena. Waya ndidamubwezera sabata yomweyo, koma palibe adandipemphanso kunyamula maliro, ngakhale a nkhuku.

Titabwerera ku Petauke, amake Tisa adandiikira mbale ya chibwabwa, masamba a maungu ongowiritsa, opanda ngakhale dontho la mafuta. Nditakweza maso, adandilozera panja pomwe padaima galimoto.

"Mafuta yanu yali uko, bambo. Kasuseni."

Apongozi akakuchenjeza, uziwamvera akadali moyo, chifukwa akamwalira amakutsutsa pagulu.