Nkhwazi Yanga pa Boti la Eni

Mukadzakwera boti lochoka ku Metangula kubwera ku Meluluca n'kuona nkhwazi itagwira chambo kumbali yakumanja, musadzavutike n'kufunsa amene anaijambula. Ndine, ndipo mbalame imeneyo inandichotsera ulemu pakhomo pa apongozi mpaka lero. Ikamadutsa ndimayang'ana kumapiri.

Ntchito yanga ndi ya burashi. Ndimalemba maina pa maboti, zikwangwani za magolosale, nthawi zina mitu ya anthu pakhoma la ometa tsitsi (ina imafanana ndi anthu, ina ayi). Kwathu ndi ku Msumba, koma ndili pachikamwini ku Meluluca, ndipo amene anakhalapo mkamwini akudziwa kuti ngakhale kutsokomola umayamba wayang'ana uku ndi uku.

Chaka chatha mkulu wina wamalonda, amene tonse timangomutchula kuti patarawu, anakhometsa maboti atatu onyamula anthu padooko la kuno ku Meluluca. Anatiitana ojambula tonse a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Lunho mpaka kuno, anthu asanu ndi mmodzi. Akuti akuchititsa mpikisano, iye ankati konkuso. Aliyense apake ndi kujambula mbali imodzi ya boti ndi utoto wakewake, umene kuno timati tinta, ndipo wopambana adzakhala wopaka maboti onse a kampani yake. Anatinso maboti ena ambiri ali m'njira.

Titachoka pamenepo tinakhala pansi pa mtengo wa mango ndi a Saide, amene ndi wamkulu pa tonsefe ndipo anandiphunzitsa kusakaniza mitundu. "Abale," anatero, "munaonapo msodzi akugawira anthu nsomba kuti alawe kaye, ati zikakoma ndiye alipidwe? Tinta ndi yathu, thukuta ndi lathu. Tisapiteko ndi mmodzi yemwe." Tonse tinavomera, koma wokuwa kwambiri ndinali ine. Ndinachita kuimirira n'kunena kuti amene apiteko tim'thyolere maburashi. Tinagwirana chanza.

Ndisananame, mtima unayamba kundinyenga ndisanafike ndi kunyumba komwe. Ndinaganiza kuti ngati anzanga onse sapita, amene apite yekha wapambana kale. Utoto ndinalibe, koma kuseri kwa chitseko kunali zitini zitatu, wabuluu, woyera ndi wofiira. Apongozi aamuna anaziitanitsa kuchokera ku Lichinga kuti ndiwapakire boti lawo mvula isanayambe, chifukwa matabwa anali atayamba kumwa madzi. Inali ntchito yoyamba yaikulu imene anandikhulupirira nayo pa zaka zonse za ukwati wanga. Iwo anali atakwera ku Maniamba kukasinthitsa usipa ndi chimanga, ndipo ankakhalako masabata awiri. Ndinadziuza kuti ndingobwereka, ndikapambana ndigula zina iwo asanatsike.

Amake Lusia, akazi anga, anandipeza ndikulonga zitinizo m'thumba.

"Maboti ndi angati?" anafunsa.

"Atatu."

"Mbali zake zingati?"

"Zisanu ndi imodzi."

"Nanga inu ojambula mulipo angati?"

Ndinawayankha kuti nkhani za luso ndi zina, kuwerenga usipa pathandala ndi zina. Anangoti, "Chabwino, bambo a luso," n'kupitiriza kusesa. (Pa zonse zimene ndinalankhula chaka chimenecho, mawu awa ndi amene ndimalakalaka nditawabweza m'kamwa.)

Lolemba m'mawa ndinadzera njira ya m'minda ya chinangwa kuti anthu asandione, thumba lili pamutu ngati wakuba. Nditafika padooko ndinasankha mbali yoyang'ana kumsewu, ndinagwada, ndinatsegula chitini. Kenako ndinamva munthu akupala matabwa kuseri kwa boti lomwelo. Ndinasuzumira. A Saide! Chipewa chawo choyera chili pamutu, burashi ili kukhutu.

"Mwadzuka bwanji, a Saide?"

"Tadzuka. Ndangobwera kudzaona ngati pali amene waswa pangano."

"Inenso chimodzimodzi."

Tonse tinayang'ana mchenga. Dzuwa lisanafike pamutu, ojambula asanu ndi mmodzi tinali titakwana, aliyense atabisala kumbali yake, ndipo palibe amene anathyola burashi ya mnzake.

Ndinagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi. Mphepo ya mwera inkandithira mchenga pa utoto wauwisi, ine n'kupala n'kuyambanso. Ndinapaka katatu kuti ulimbe. Nthenga za nkhwaziyo ndinazijambula imodziimodzi, diso la chambo ndinalibwereza mpaka linaoneka la mantha enieni. Chiyambire sindinajambulepo chinthu chokongola chotero, ndipo pomaliza zitini za apongozi zinali mbee, zongoyenera kutungira madzi.

Tsiku logamula patarawu anabwera ndi magalasi akuda ndi foni yaikulu. Anazungulira maboti onse akujambula zithunzi, anaima nthawi yaitali pa nkhwazi yanga, kenako anakweza mkono wanga m'mwamba. Ndinapambana, abale! Anthu anaomba m'manja, amayi analulutira, ine mano onse panja. Anandipatsa pepala lolimba lolembedwa kuti dipoloma, dzina langa ataliphonya chilembo chimodzi.

Anthu atayamba kubalalika ndinamutsatira kugalimoto. "Patarawu, ndiye ntchito tiyamba liti?"

"Ntchito iti?"

"Yopaka maboti."

Analoza kunyanja. "Taonani nokha, mesitiri, mmisiri wathu. Onse atatu apakidwa kale, akuwala. Akadzasuluka, ntchito ndi yanu, palibe wina."

"Nanga ena aja ali m'njira?"

"Matabwa akwera mtengo, tidikire kaye." Anandisisita paphewa. "Komatu tinta yanuyi ndi yolimba. Ndikuona ngati itha zaka zisanu osasuluka. Ndinu katswiri."

Galimoto inanyamuka. Ndinatsala nditagwira pepala. Ndinazindikira kuti kupaka katatu kuja ndinkadzikankhira ndekha ntchito kutali. A Saide anandidutsa atanyamula zitini zawo zopanda kanthu, n'kunena motsitsa mawu, "Mwapambana, mwanawe. Ife taluza ulere, inu mwawina ulere."

Apongozi potsika ku Maniamba anafika ku Metangula pa chapa, minibasi yathu ya kuno, n'kukwera boti lobwera kuno. Mwa maboti onse a m'nyanja muno anakwera lomwelo, ndipo analipira ngati wina aliyense. Anandipeza pakhonde ndikunamizira kukonza wailesi.

"Akamwini, nkhwazi ija ndaiona."

"Ee, bambo."

"Ndi yokongola zedi. Anthu m'boti amakutamandani." Anasuzumira kuseri kwa chitseko. "Buluu uja ndinasankha ndekha, n'chifukwa chake ndam'zindikira."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa, munthu umapepesa zikatha. Anangopita kukayang'ana boti lawo, n'kulowetsa chala pa thabwa limene linali litafewa. Mvula inayamba boti lisanapakidwe, matabwa awiri anawola, ndipo anzawo akukokera usipa iwo anakhala masabata atatu kumtunda. Atapeza utoto wina anaitana a Saide, n'kuwapatsiratu dengu la nsomba asanagwire ndi burashi yomwe. Ine ndinkaonerera ndili pakhomo, ndipo zinandiwawa kuposa za patarawu zija.

Kuyambira pamenepo apongozi sanditumanso kanthu, ngakhale kukagula mabatire a nyali zophera usipa. Ntchito yanga pakhomo pano ndi kuyanika nsomba pathandala ndi kuingitsa akhwangwala. Makasitomala nawonso anaphunzira. Wagolosale wina anandiuza posachedwa kuti ndilembe kaye theka la chikwangwani aone ngati angakonde. Nkhwazi yanga tsopano ili pa malaya a antchito a patarawu, anaidinditsa ku Lichinga kuchokera pa chithunzi cha pafoni chija, ndipo ine sanandipatseko ngakhale amodzi. Dipoloma ija amake Lusia amavundikirira mtsuko wa madzi, akuti ndi yolimba bwino.

Sabata yatha uthenga unafika kuti patarawu wamanga nyumba yosungiramo katundu, ndipo akuitana ojambula anayi ku konkuso ina. Ulendo uno sindinadikire kuti akazi anga andifunse. Ndinapita ndekha kukaizungulira nyumbayo, ndinawerenga makoma, ndipo anakwana anayi ndendende. Ndinaseka mowawidwa mtima, ndinalavula pansi, ndinatembenuka kuti ndizipita.

Nditayenda pang'ono ndinabwerera kukafunsa mlonda ngati khoma loyang'ana kumsewu lili kale ndi mwini wake. Anandiuza kuti a Saide analitenga dzulo.