Kapeti wa ku Joni ndi Dipoziti ya Madamu

Mukadzandiona pamsika wa Golomoti ndikudutsa mwachangu, musadzandiitane kuti "alandilodi". Amene amandiitana choncho masiku ano amatero akuseka. Ndiye ndati nkhaniyi muimve kwa mwini wake, ena asanakuthirireni mchere.

Ndinakhalako ku Joni zaka zitatu. Anzanga anabwerako ndi magalimoto. Ine ndinabwerako ndi ndalama yomangira kanyumba ka lendi ka zipinda ziwiri, komanso kapeti. Anali wofiira, wa maluwa achikasu, wokhuthala moti tsiku lina ndinagwetsapo kiyi wa njinga ndipo mpaka lero sanapezeke (ndikanama mphezi indiombe). Mkazi wanga, make Limbani, anamukana m'nyumba mwathu.

"Kuno kotentha chonchi mukufuna tiziponda bulangete?" anatero.

Choncho ndinakamuyala m'nyumba ya lendi ija, lendi yake n'kukweza.

Woyamba kulowamo anali Madamu Nangozo, mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono ngati aliyense ndi mwana wa sitandade wani. Ndinawauza lamulo limene ndinaphunzira kunja: apereke dipoziti ya miyezi iwiri, ndipo tsiku lotuluka, kapeti akapezeka wakuda, ndalama yochapira idzachotsedwa pamenepo. Tinalemberana, onse tinasaina. Dipozitiyo ndinaisunga pabwino kwambiri. Ndinaigula feteleza n'kukaithira m'munda wanga wa mpunga ku Bwanje.

Patapita zaka ziwiri, Madamu anandipeza pakhonde.

"Alandilodi, andisamutsira ku Salima. Lole ibwera Lachisanu. Ndalama yolipira loleyo ndi dipoziti ija."

"Palibe vuto, Madamu," ndinayankha. M'thumba mwanga munali batani limodzi ndi lisiti ya kuchigayo.

Lachiwiri ndinapita kukayendera nyumba, ndikupemphera chamumtima kuti ndikapeze cholakwika. Makoma anali oyera. Mawindo onse athunthu. Pansi pankawala moti ndinadziona m'mphuno. Kapeti anali wopindidwa pakona, ndipo nditangomutambasula ndinadziwa kuti pemphero langa lamveka. Fungo limene linatuluka linaitana ntchentche za ku Mtakataka zisanathe mphindi zisanu, zina zinabwera pa kabaza (anthu anaziona). Munali mankhusu a mpunga, mamba a nsomba, ubweya woyera, ndipo pakati panali chibanga chakuda chachikulu ngati lichero, choyambira kunsi n'kutulukira pamwamba.

Ndinapukusa mutu ngati munthu wofedwa. Madamu anali chiimire pakhomo, manja kumbuyo.

Madzulo ake ndinalemba bilu. Sopo, burashi, ngolo yonyamulira, anyamata anayi ochapa, ndiponso kusweka mtima kwa mwini kapeti. Nditaphatikiza zonse, zinakwana ndendende ndi dipoziti, osatsala ngakhale tambala. Masamu amenewa anandidabwitsa ngakhale ine ndemwe.

Pofuna kuonetsa kuti sindikusewera, Lachitatu ndinakweza kapeti pa ngolo kupita naye kumtsinje. Njira yachidule ilipo, koma ine ndinauza woyendetsa kuti adzere pamsika. Aliyense wofunsa ndinkamuuza.

"Onani nokha zimene amachita anthu ophunzira! Kunja kuvala bwino, m'nyumba khola!"

Tsono kapeti si chitenje. Titamuponya m'madzi anamwa mtsinje theka, moti amayi ochapa kumunsi anabwera kudzafunsa amene watseka madzi. Kuti timutulutse panafunika anthu asanu ndi anayi ndi chingwe. Titamukweza pa ngolo, ng'ombe imodzi inatembenuka, inandiyang'ana, n'kukhala pansi. Chibanga chija chinali chikhalire, mwinanso chinakula.

Bilu ndinakaipereka madzulo omwewo. Madamu anaiwerenga mpaka pansi.

"Chabwino, alandilodi. Tikambirane mawa masana kunyumba kwanu. Ndiitana a Mbewe, apampando a mphakati wathu wa kutchalitchi, akhale mboni."

Make Limbani atamva zimenezi anasiya kupeta mpunga.

"Bambo a Limbani, ingowabwezerani ndalama zawo aphunzitsiwo."

"Nkhani za malamulo zisiyeni, mayi. Izi n'za ife amene tinayendako."

"Chabwino," anatero, n'kutenga tsache kukasesa pabwalo pamene anali atasesa kale. Munthu wanzeru akanaona kanthu pamenepo.

Lachinayi tinakhala pabalaza pathu: ine, Madamu, a Mbewe ndi magalasi awo omangirira ulusi, make Limbani chakukhomo. Ndinayala mlandu wanga bwinobwino, ndi mawu awiri atatu a Chingerezi. A Mbewe anagwedeza mutu n'kupereka mpata kwa Madamu.

"Kapetiyo ndinamuponda masiku atatu okha," anatero Madamu. "Amatentha. Ndinamupinda n'kumuika pakona. Kenako amayi apanyumba pano anabwera kudzabwereka, ati lona lanu linang'ambika. Kawiri anayanikapo mpunga. Kamodzi usipa. Komaliza chinali chinkhoswe cha mwana wanu Chisomo. Ine chinthu cha eni ake ndikanawakaniza bwanji?"

Apa ndiyenera kufotokoza, kuti mundimvere chisoni. Kapeti ukamutembenuza chafufumimba sakhalanso kapeti. Kunsi kwake n'kotuwa ngati chiguduli. Ndinayamba kukumbukira kuti pabwalo pathu pankaoneka lona lina lotuwa, lolemera, losauluka ndi mphepo. Koma kukumbukira ndi kuvomera ndi zinthu ziwiri.

"Zimenezo ndi zokamba chabe," ndinatero. "Umboni uli kuti?"

Madamu analoza khoma, pamwamba penipeni pa mutu wanga.

Pamenepo pali chithunzi cha mu felemu chimene ndimachikonda kuposa zonse, chimene mlendo aliyense ndimamuonetsa asanakhale pansi. Ndi cha m'mawa wa chinkhoswe. Ndili chonjuta, mpeni m'manja, mano onse pamtunda, ndikusenda mbuzi yoyera pa lona lotuwa. A Mbewe anatsitsa chithunzicho, anapukuta magalasi, n'kuchiyandikitsa kumaso. Kona imodzi ya lonalo inali itapindika. Pankaoneka kufiira, ndi duwa lachikasu.

"Duwa ili mukulidziwa, bambo?"

"Maluwa amafanana, a Mbewe."

"Nanga mbuziyi?"

"Mbuzi ndi yanga."

"Wogwira mpeniyu?"

Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, mwina munthuyo asintha. Sanasinthe.

"Munandiyamikira nokha tsiku limenelo," make Limbani anaponyapo ali chakukhomo. "Munati ndapeza lona lamphamvu, lomwa magazi osadetsa bwalo."

"Nanga bwanji simunandiuze dzulo?"

"Munati nkhani za malamulo ndizisiye."

A Mbewe anayamba kutsokomola, ndipo chifuwacho chinawakakamiza kutuluka panja. Ndinkawamva akutsokomolabe mpaka kumpanda, misozi ili mbwembwembwe. Pofika madzulo chifuwa chimenecho chinali chitagwira msika wonse, womwe uja ndinadzerapo ndi ngolo.

Lachisanu m'mawa ndinagulitsa matumba a mpunga amene ndinkasungira miyezi ya mtengo wabwino. Venda wake anali atamva kale nkhani, ndiye mtengo anatchula yekha. Madamu analandira dipoziti yawo yonse lole ikulira panja. Asanakwere anandibwezera bilu ija. Anali ataichonga ndi bolopeni yofiira, mzere uliwonse mtanda, kupatula wa kusweka mtima kwa mwini kapeti. Pamenepo anachonga kuti ndakhoza.

Wa ngolo ndi anyamata ochapa ndinawalipira ndekha. Kapeti anatenga milungu itatu kuti aume, ndipo pouma anali atamera mpunga kumakona (make Limbani anawokerako ndime imodzi, unabereka bwino). Lero ndi lona lathu lovomerezeka, amayalidwa chafufumimba, ndipo amene akufuna amabwereka.

M'nyumba ya lendi muli munthu wina tsopano, mlangizi wa zaulimi. Za kapeti ndinasiya, ndinaphunzirapo. Iyeyu ndinamuikira makatani obiriwira a mizere yoyera, ndipo tinalemberana kuti akadzawonongeka ndidzachotsa pa dipoziti. Dipozitiyo ndinaisunga kale ku Bwanje. Lamulungu lapitali kutchalitchi ndinaona mdzukulu wanga akuimba kwaya atavala deresi yatsopano, yobiriwira, ya mizere yoyera. Ndinayang'ana make Limbani. Iwo ankayang'ana kuguwa.

Sindinafunse, koma panajambulidwa zithunzi, ndiye wojambulayo ndamuuza kuti za banja lathu zonse ndigula ndekha.