Mazira Anga Si a Bakha

Lolemba

Mazira anga si a bakha. Ndikulemba pano chifukwa pakamwa patopa. Si a bakha, si a njoka, ndipo sindiwachapa ndi sopo monga akunenera amayi a pamjigo. Ndi mazira a nkhuku. Nkhuku zoyera, mazira oyera. Basi.

Komanso ku yunivesite sanandithamangitse. Ndinachoka ndekha chaka chachitatu, ndipo zimene ndinaphunzira zaka ziwiri ndi theka zija, chigwa chonse chino cha Domasi sichingazimalize ngakhale mutachipatsa zaka khumi.

Nkhani yake ndi iyi. Nkhuku yoikira mazira oyera ndi yaing'ono thupi. Imadya pang'ono koma kuikira siphonya. Yofiira ija imadya ngati mlendo wa pamaliro. Chimanga chodyetsa nkhuku chikachepa ndiye kuti munda wachepa, feteleza wachepa, zitosi zotsikira kumtsinje zachepa, ndipo mitengo ya m'phiri ikhoza kupumako. M'kati mwa dzira mulibe kusiyana. Chigoba palibe amadya. Mwana wa sitandade 5 akhoza kuzimva zimenezi. Akuluakulu a kuno ayi.

Ndili ndi nkhuku makumi atatu. Zinayamba kuikira milungu iwiri yapitayo. Mathileyi aunjikana kuchipinda kwanga mpaka pawindo, ndikugona ngati mlonda wa mazira.

Amalume, amene anandipatsa khola ndi matumba a chimanga, abwera m'mawa uno. Sanakhale pansi. Akuti Lamulungu potuluka m'tchalitchi adzadutsa pano, ndipo akadzapeza mathileyi akadali pomwepo, nkhuku adzagulitsa, m'kholamo mulowe mbuzi zawo. "Mbuzi sifuna chiphunzitso," atero.

Masiku asanu ndi limodzi. Akwana.

Dongosolo:
1. Msika.
2. Maokala a ku Naisi.
3. Kuphunzitsa anthu mofatsa.
4. Osatukwana aliyense.

Lachiwiri

Pamsika. Ndalemba chikwangwani pa katoni: DZIRA LOYERA LIMASUNGA CHILENGEDWE. Anthu akuwerenga, akugwedeza mutu, kenako akupita kukagula kwa Nachisale, mayi amene wayala pafupi nane mazira ofiira okhala ndi zitosi m'mbali.

Zimene ndamva lero:
— "Ndi apulasitiki aja amanena pafoni."
— "Nkhuku yake ilibe magazi."
— "Ofiira ndiye ali ndi mavitamini, oyerawa ndi madzi okhaokha."
— "Sukulu yonse ija ndi imeneyi?"

Womalizayu ndinkamuonetsa masamu ku sekondale. Ankalephera ngakhale kukopera.

Adutsa ogulitsa makala, njinga zawo zitawerama ndi matumba ochokera m'phiri. Ndawauza kuti akulimeta mpala phirilo, ndipo mtsinje ukadzauma adzamwa makala awowo. Mmodzi wafunsa ngati dzira langa limaphika lokha.

Masana ndaswa mazira awiri m'mbale ziwiri, loyera langa ndi lofiira logula kwa Nachisale. Inde, ndagula. Anthu azungulira. Ndawauza kuti aloze lofiira. Aloza langa! Nditawaonetsa zigoba, bambo wina wa chipewa akuti ndasinthanitsa mbale, manja anga ndi othamanga. Gulu lonse lavomereza. Nachisale waseka mpaka kugwira nthiti, kenako wapempha mbale zonse ziwiri kuti akakazingire ana.

Ogula lero: palibe. Nachisale wamaliza mathileyi anayi nkhomaliro isanakwane. Mfundo yachinayi ya dongosolo yamwalira cha m'ma 2 koloko masana.

Lachitatu

Panjinga mpaka ku Naisi, mathileyi atatu kumbuyo omanga ndi legeni. Msewu wafumbi wadya mazira asanu ndi awiri ndisanafike patala.

Che Jafali, mwini okala yaikulu pamenepo, ndi munthu waulemu wopweteka. Andipatsa mpando. Andipatsa tiyi. Amvetsera zonse, za chimanga, za feteleza, za mitengo, akuvomera ndi mutu mpaka kumapeto. Akuti zonse ndanenazo ndi zoona, iwonso anakula mitsinje ya kuno ili ndi madzi chaka chonse. Kenako andiuza kuti munthu akalowa mu okala sagula ndi mutu, amagula ndi maso, ndipo maso a kuno anazolowera dzira lofiira kalekale. Thileyi yoyera ikakhala pakauntala, ngakhale shuga woyandikana nayo anthu amukayikira. Andiperekeza mpaka panjinga, andigwirira chiwongolero ndikumanganso katundu.

Bola akadanditukwana. Wotukwana umamuyankha.

Pobwerera ndaima pachiwaya cha Bonifasi, wokazinga tchipisi ndi mazira pasiteji ya minibasi. Apa ndinaona nzeru: iyeyu amaswa dzira, chigoba n'kutaya, aone ndani? Wakana. Akuti makasitomala ake amasankha okha dzira pathileyi, kuliloza ndi chala, ena mpaka kuligwedeza kukhutu. "Mubweretse ofiira, abwana a sukulu, nditenga onse."

Abwana a sukulu!

Kunyumba ndapeza nkhuku zaikiranso, pafupifupi zonse. Zitsiru zokhulupirika. Sizikudziwa kuti Lamulungu likubwera.

Lachinayi

Zatheka! M'mamawa, ndisanasambe m'maso, mayi wina wagogoda kuseri kwa khola. Akufuna dzira loyera. Limodzi. Ndayamba kumufotokozera za feteleza, wandidula kuti ali pachangu. Pambuyo pake bambo wina wa ku Malemia, limodzinso. Kenako mtsikana wofunda chitenje mpaka m'maso, limodzi. Pofika 9 koloko abwera anthu asanu ndi atatu, aliyense dzira limodzi, aliyense kulowera kuseri, aliyense kulibisa m'zovala. Palibe wonenerera. Wina wafunsa ngati ndingagulitse nkhuku yoyera yopanda nthenga yakuda ngakhale imodzi.

Chikwangwani chija chagwira ntchito, ndaganiza choncho. Anthu amva, akungochita manyazi kuvomera pagulu. Ndauza amayi anga kuti choonadi chimayenda pang'onopang'ono koma chimafika. Amayi angoyang'ana pansi n'kupitiriza kupeta mpunga.

Madzulo ndapita kuchigayo kukatenga madeya. Pamphambano, pamene njira ya kuchigayo imakumana ndi ya kumjigo, ndapeza mazira anga. Asanu, oswedwa, nyerere zili pikitipikiti. Mwini chigayo wandifotokozera mokondwa kwambiri. Kutsidya kwa mtsinje kwabwera sing'anga wochotsa minyama. Amatuma munthu dzira loyera, adzipukute nalo thupi lonse, akaliswe pamphambano, abwerere osacheuka. Poyamba anthu ankavutika kusakasaka a bakha. Tsopano amangowauza kuti apite kwa wa ku yunivesite uja.

Chimanga cha amalume, kudutsa m'mimba mwa nkhuku yosawononga chakudya, n'kukathera kwa nyerere!

Amayi abwera kuchokera kumsonkhano wa amayi a kumpingo. Tikudya anena chimodzi chokha: "Akuti pakhomo pano tikugulitsa mazira a mankhwala. Pemphero lotsekera linali langa lero. Apatsa wina."

Zaka makumi awiri akuimba kutsogolo. Ndawauza kuti ndi umbuli chabe. Ati inde, koma umbuliwo ndi umene udzawanyamule akadzamwalira.

Tsopano ngakhale amene akadalawa sangayerekeze.

Lachisanu

Ndagonja, koma mwasayansi. Akufuna ofiira? Awapeza ofiira.

Zofunika:
— masamba a tiyi, mapaketi awiri
— makoko a anyezi, otola kumsika nkhope ili pansi
— mphika waukulu uja timabwereketsa pamaliro
— chikumbumtima chogona tulo

Ndayesa m'madzi ozizira. Maola atatu, dzira langotuwa ngati ladwala malungo, ndipo ukalipukuta mtundu ukutsalira pansalu. Ndayesa ofunda. Chimodzimodzi. Mtundu ukugwira pokhapokha madzi awire, ndipo awire nthawi yaitali.

Nkhuni zatha pathileyi yachiwiri. Ndaima pamsewu kudikira ogulitsa makala. Amene waima ndi yemwe uja anafunsa ngati dzira langa limaphika lokha. Wandizindikira. Watsitsa thumba, walinyamula yekha mpaka pabwalo, wayang'ana mumphika, wandiwonjezera makala odzaza manja awiri a basela. Ndikadakonda mbama.

Mathileyi anayi. Okongola! Ofiira kuposa a Nachisale, osalala ngati opaka mafuta. Utsi wadzaza bwalo, nkhuku zikuyetsemula, maso anga ali psuu, thumba la makala latsala theka. Zonse zimene nkhuku zanga zapulumutsa chibwerereni ndazitumiza kumwamba tsiku limodzi.

Amayi afunsa ngati mphikawo ukhalenso wophikira anthu.

Mazirawo ndi ophika, inde. Ndikudziwa. Mawa ndikamuuza Bonifasi ndisanatsitse n'komwe. Ophika nawonso amagulika, amangofuna mchere ndi tsabola.

Loweruka

Sindinamuuze.

Ndimafuna. Koma atangoona thileyi yapamwamba waimba mluzu, waitana anzake a kabaza adzaone, wanyamula limodzi n'kuliyang'ana kudzuwa. "Awa ndiye mazira! Mwaona ubwino womvera?" Chichokereni ku yunivesite aka n'koyamba anthu kundiyamikira pagulu. Ndinangoti ndimuuza akabalalika. Sanabalalike. Watenga mathileyi onse anayi, wawaika pamwamba penipeni, a kwa ena wawakankhira pansi pa tebulo. Ine ndakhala pabenchi kudikira mpata.

Mpata sunabwere. Wabwera kondakitala wa minibasi, wanjala, galimoto ikulira pamsewu. Waloza dzira. Bonifasi waligogoda m'mphepete mwa chiwaya. Palibe chotuluka. Wagogodanso. Walifinya, dzira lagwera m'mafuta lathunthu ngati mwala, mafuta n'kumwazikira pamalaya a kondakitala. Watenga lina. Chimodzimodzi. Linanso. Kenako wanditembenukira, ndipo siteji yonse yatembenuka naye.

Mayi wogulitsa nthochi wanunkhiza chigoba, akuti ndi tiyi. Wa kabaza wina akuti ayi, ndi mazira a pamphambano aja, asanduka. Za tiyi palibe wafuna kumva. Ndaimirira kuti ndifotokoze, ndavomera zonse, makoko a anyezi, mphika, makala, koma kwa nthawi yoyamba ndikunena zoona zondichititsa manyazi ndipo sakundikhulupirirabe. Makasitomala atatu asiya mbale zili theka. Mmodzi walavula.

Bonifasi sanakuwe, n'chimene chandiwawa. Wabweza mathileyi panjinga yanga yekha, wamanga yekha legeni, kenako wanena chapansipansi kuti chiwaya chimenechi chimadyetsa ana anayi.

Ndachokapo osaphunzitsa aliyense. Ine!

Ndakankha njinga njira yonse, sindinathe kukwera. Ubwino wake lero msewu sunaswe dzira ngakhale limodzi.

Ndiwo zamadzulo: mazira ophika. Ndadya anayi. Atsala oposa zana.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Amalume afika atavala jekete, limodzi ndi bambo wogula nkhuku wochokera mumzinda wa Zomba, njinga yake yamoto ili ndi madengu awiri kumbuyo. Alowa kuchipinda kwanga, ayang'ana mathileyi, oyera mbali iyi, a tiyi mbali iyo. Sanafunse kanthu. Nkhani ya kwa Bonifasi inawapeza pakhomo la tchalitchi asanalowe.

Ndinakonza mawu. Ndinati ndiwapempha mwezi umodzi, ndikayese kumasitolo a m'tauni kumene anthu amawerenga. Nditatsegula pakamwa, amalume avula jekete n'kulowa m'khola.

Wogulayo akunyamula nkhuku imodziimodzi, kuipima m'manja, kuifinya pachifuwa. Nkhope ikugwa. Akuti zopepuka ngati mapepala, nyama palibe, kodi zimadya n'komwe?

Ndamuuza kuti zimadya pang'ono. Kuti nkhani yonse inali imeneyo.

Wati pepani.

Imodzi yaikira m'dengu momwemo iye akumanga chingwe. Walitulutsa, waliyang'ana, wandipatsa likadali lotentha. Akuti limenelo sanagule.

Mbuzi zibwera mawa. Amalume akuti ndisese m'khola, zitosi ndikathire kudimba kwawo. Atasuzumira adandaula kuti n'zochepa.

Bwalo lili zii. M'nyumba muno muli mathileyi khumi ndi awiri. Amayi pochokera kutchalitchi adutsira pa okala, agula mazira atatu ofiira.