A Talirani ndi Takisi Yofooka M'mawa

Pagalaja ya a Talirani sunkangobweretsa galimoto, unkabweretsanso pakamwa. Mdala ameneyu sankagwira sipanala mwini galimoto asanayerekeze kulira kwake. Kaya ndiwe bwana wa tayi, kaya mbusa, iwo ankangopinda manja n'kuti, "Ikumalira bwanji? Talirani timve." Dzinalo linachokera pamenepo, moti lenilenilo ngakhale akazi awo ankachita kulifufuza m'mutu.

Amiseche amati khalidweli linayamba tsiku limene galimoto yoyamba yoyendera mafuta ndi magetsi omwe inafika pagalajapo. Mdala atamva kuti ili zii, anayesa yazimitsidwa, nakhala pa boneti kuti ayambe mafunso. Mwiniwake anachotsa phazi pa buleki. Galimoto inanyamuka mwakachetechete ngati mphaka, a Talirani miyendo ili m'mwamba, mpaka inakawatula m'chithaphwi cha oilo wakuda. Anadzuka, nalavula, n'kuti, "Iyi ndi yachiwembu. Popeza imalankhula monong'ona, aziilankhulira eni ake."

Kuyambira pomwepo anaziphunzira mwamakani galimotozi. Kiyi ankaika m'thumba mwawo, magolovesi a rabara m'manja, n'kuzula pulagi ya batire yaikulu, kenako n'kukhala pa tayala mphindi khumi kuti moto uthe m'mawaya. Mawaya akuluakulu a mtundu wa lalanje aja ankawatchula kuti apongozi: "Awa timawapatsa moni tili patali."

Amene amaikamba bwino nkhani ya mdalayu ndi dalaivala wina amene anthu amangomutchula kuti a Takisi, bambo wa ana anayi, munthu waulemu wosaseka pagulu. Takisi yawo, yoyenderanso mafuta ndi magetsi omwe, ndiyo inali munda wawo. Ndiye inayamba kufooka pachitunda, nyali yofiira n'kuyaka, okwera n'kumatsika akung'ung'udza. Magalaja awiri anailumikiza ku kompyuta ndipo onse anagwirizana chimodzi: mota yamagetsi yoyendetsa matayala yapsa, bola kugulitsa galimotoyo kwa ophwasula. Wophwasulayo anali atapangana nawo kale kuti abwera Lachisanu. Lachinayi, akazi awo anawakankhira kwa a Talirani.

"Ikumalira bwanji, achimwene?"

"Kompyuta yanena kale, madala. Akuti mota."

"Kompyutayo ndiyo imayendetsa takisiyi? Talirani."

A Takisi anayang'ana kumanzere, nayang'ana kumanja. Amayi ogulitsa zipatso pafupi ndi galajayo anali atasiya kale malonda awo kuti amvetsere. Anakonza kolala, natseka maso.

"Wiiiii… gu, gu, gu."

"Mukuchita manyazi. Galimoto yodwala ilibe manyazi. Kwezani."

"WIIIIII… GU! GU! GU!"

Galu wa pagalajapo anayankha. Amayi aja anagwirana mapewa ndi phwete. A Takisi analakalaka nthaka itang'ambika, koma nkhope ya mdala inalibe nthabwala n'komwe.

"Gu-gu ameneyo ndi wa chinthu chosokonezeka, osati chakufa. Mota yopsa imanunkha, ndipo siichira masana n'kudwalanso m'mawa. Iyi imatero?"

A Takisi anatsegula maso. Inkaterodi! Palibe makaniko ndi mmodzi yemwe anawafunsapo zimenezo.

Mdala anachita mwambo wawo wonse wa magolovesi ndi tayala. Mphindi khumizo kwa a Takisi zinali ngati chaka. Kenako anatenga mita yoyezera magetsi, nayeza mawaya atatu a motayo, awiriawiri. Mita inaonetsa chimodzimodzi katatu konse.

"Atatu onsewa ndi amoyo. Kompyuta imangokuuza pamene pakupweteka, chimene chaluma siidziwa. Tsopano tandiuzani, m'mawa mumaichita chiyani galimotoyi?"

"Ndimaitsuka," anatero a Takisi monyadira, pakuti m'dera lonselo munalibe takisi yowala ngati yawo.

"Kunja?"

"Ndi m'kati momwe. Ndimatsegula boneti, n'kuthira ndi paipi mpaka fumbi lonse litachoka."

A Talirani anavula chipewa, nayang'ana kumwamba ngati akupepesa kwa Mlengi.

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula Lamulungu."

"Ndipo Lamulungu imayenda bwino."

A Takisi anavomera ndi mutu.

Mdala anapisa dzanja pambali pa mota n'kuzula kapulagi kakang'ono ngati chala chachikulu. Munatuluka madzi, tizitsulo take titabiriwira ndi dzimbiri. Anafotokoza kuti kawaya kameneko ndi kamene kamauza galimoto pamene mota yafika pozungulira. Kakanyowa kamanama, galimoto n'kuchita mantha n'kudzichepetsera mphamvu. Dzuwa likakwera kamauma, bodza n'kutha.

Anakapala, nakaumitsa ndi mpweya wa pampu, nasintha karabara kotsekera madzi. Kenako anakwera kutsogolo n'kulamula kuti apite pachitunda chija. Takisi inakwera ngati mwana wothamangira amake. Pamwamba pa chitundacho a Takisi anaimitsa galimoto, nagwira chiwongolero ndi manja awiri.

"Musandithokoze," anatero mdala. "Paipiyo kathirireni maluwa. Chikondi chanuchi chikanapha galimoto."

Lachisanu wophwasula uja anabwera ndi lole yake n'kubwerera yopanda kanthu.

Si a Takisi okha. Alipo ambiri kuno amene akuyendabe pa mota zimene ena anali ataziimbira kale nyimbo za maliro. Ndiye a Talirani atagona osadzukanso mwezi wathawu, m'mawa wina atangomwa tiyi, mzere wa galimoto zowaperekeza unali wautali zedi, ndipo zambiri zinali zosalira zija, zikuyenda pang'onopang'ono, phokoso la matayala lokha. Amayi amasiye anakwera takisi ija. A Takisi sanalole kuti wina anyamule amayiwo.

Galaja ndi yotseka tsopano. Udzu wayamba kumera pamene pankaima galimoto, ndipo amayi a zipatso akuti masiku akutalika. A Takisi, akatula okwera oyamba, amakhotera kumeneko. Amaima pageti, osatsika, n'kumangoyang'ana loko. Achita zimenezi masabata atatu.

Dzulo mayi wosoka zovala, amene shopu yake inagundana ndi galajayo zaka makumi awiri, analephera kupirira. Anatuluka tepi ili m'khosi, nagogoda pagalasi.

"Bambo inu, mdala uja anali wovuta, ndipo ine ndamulira kuposa inu. Koma sanakukonzereni galimotoyi kuti muziimika pakhomo panga. Ana anu adya loko ameneyo? Tiyeni, kanyamuleni anthu!"