Chilatini Chonyowa

Lolemba

Kuzizira. Chifunga mpaka mitengo ya paini sikuoneka.

Che Saidi, dalaivala woyandikana naye nyumba, akuti koluna ya magalimoto inyamuka Lamulungu kupita ku Mandimba, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo iye aoloka malire. Atha kunditengera kalata ku ofesi yofufuza othawa nkhondo, cha ku Mangochi. Luwiza, mwana wanga, ali kumeneko kwinakwake chiwotchereni mudzi wa kwa mwamuna wake ku Lione. Sakudziwa kuti amayi ake tinawaika m'manda miyezi itatu yapitayo.

Maofesi a ku Malawi amadya Chingerezi. Ine ndilibe. Koma ndili ndi masiku asanu ndi limodzi, ndi kope langa la ku seminale, kumene ndinakhala zaka zitatu ndisanakumane ndi Rozina, mayi wa Luwiza. Ndalisolola pansi pa mwendo wa tebulo, pomwe iye analiika. Tebulo likugwedera, zilibe kanthu. Patsamba loyamba pali mawu a wansembe amene ankatiphunzitsa: Chingerezi ndi Chilatini chimene chinanyowa ndi mvula. Chipwitikizi nachonso ndi mwana wa Chilatini. Ndiye ndi pachibale! Ntchito ndi yosintha michira basi:

informação, information
situação, situation
declaração, declaration

Mawu makumi atatu dzuwa lisanapendeke. Kodi anthu amataya zaka kusukulu chifukwa chiyani?

Lachiwiri

Pamzere ku loja, sitolo ya dera lino, kuyambira m'mawa, akuti kwabwera mchere. Ndikuwerenga kope chiimirire. Salário, salary: zonsezi zinachokera ku sal, mchere. Ndikufika pakhomo pa loja, mchere watha. Mchere kulibe, salariyo siigula kanthu, koma mawuwo ali bwinobwino chichokereni ku Roma.

Kalata ikufunika chidindo cha sekretariyo wa dera lathu lino la Namacula. Secretum ndi chinsinsi, choncho sekretariyo ndi munthu wosunga chinsinsi. Ndamufotokozera nkhani yanga m'mawa. Masana amayi ogulitsa mbatata kumsika akundifunsa tsiku limene ndithawire ku Malawi.

Sekretariyo amanditchula kamarada. Ndayang'ana: camera, chipinda. Makamarada ndi anthu ogona chipinda chimodzi. Iye ali ndi zipinda zisanu zimene anasiya Mpwitikizi, ndipo sanandiitanepo ngakhale pakhonde.

"Mubwere nayo Lachisanu, kamarada, ndione ngati mulibe ndale m'katimo."

Chingerezi sachidziwa. Mwina ndale zimanunkha.

Lachitatu

Chimfine cha masiku asanu, mphuno yatsekeka. Koma ndi mwayi! Kuchipatala chaching'ono kwabwera namwino wachizungu wolankhula Chingerezi. Mbewu imayesedwa m'munda.

Chimfine m'Chipwitikizi ndi constipação. Ndasintha mchira, ndaima mowongoka: "Madam, I have constipation."

Wamva nthawi yomweyo! Wafunsa ndi manja kuti masiku angati. Ndaonetsa zala zisanu. Wagwira pakamwa. Mapiritsi atatu, ndipo akuti ndimwe madzi ambiri. Ndayetsemula kawiri pamaso pake koma sanalabadire, chifundo chake chonse chinali pamimba panga. Kaya ndi mmene amapimira kwawo.

Ndabwerera ndikuyenda ngati munthu wa nsapato zatsopano. Rozina akanati, "Abambo a Luwiza, mwayamba." Palibe wonena. Ndamwa onse atatu.

Lachinayi

Maulendo a kuchimbudzi: ndinasiya kuwerenga pa chisanu ndi chitatu.
Mawu atsopano a Chingerezi: palibe.
Chimfine: chilipobe.

Che Saidi akukuwa kuseri kwa mpanda: "Apolofesa, mwasamukira komweko? Tiuzeni, alendo tiziwalozera!"

Kope ndalowa nalo. Constipare: kupanikiza, kutseka. Apwitikizi anatseka mphuno, Angerezi anasankha khomo lina. Ana a mayi mmodzi, koma chuma chamasiye anagawana mwaudani.

Lachisanu

Miyendo ngati ya mwana wa mbuzi wobadwa kumene. Komabe kalata yatha, masamba awiri. Sekretariyo waiyang'ana nthawi yaitali akugwedeza mutu. Tsamba lachiwiri analigwira chadodolido. "Mulibe ndale." Chidindo pha!

Kenako kwa a Jeke, mkulu amene anaphikira azungu ku Sozibele zaka makumi awiri. Chingerezi chili m'makutu mwawo, kuwerenga sadziwa. Ndawawerengera mokweza: "Excellent Director, I pretend to localize my parent Luwiza."

Aseka mpaka chifuwa kuwagwira, adzukulu kuthamanga ndi madzi.

"Mwana wanga, kwa Apwitikizi pretender ndi kufuna, kwa Angerezi ndi kunamizira. Ndipo parent si m'bale, ndi kholo. Mwauza bwanayo kuti mukunamizira kufuna Luwiza, amene anakuberekani."

Ndapitiriza, mawu atatsika. Pofika pa Rozina ndinalemba defunct. Apa sanaseke.

"Limenelo ndi la fakitale yotsekedwa. Munthu wako sumunena choncho."

Ndawafunsa mawu oyenera. Mother. Died. Come home. Ndafunafuna m'kope, mulibe ndi limodzi lomwe. Alibe michira yoti n'kusintha.

"Mawu ataliataliwo mzungu amavala popita ku ofesi," akutero a Jeke. "Ndinawaona ine kukhitchini. Akapsa ndi poto, kapena akafedwa, amalankhula tifupitifupi ngati ife tomwe."

Loweruka

Ndayambanso kanayi. Mapepala atsala awiri, ndipo ku loja kulibe ena.

Zimene Chilatini chandipatsa sabata ino: province, governor, military, tribunal, document. Aroma anafa kalekale, koma zida zawo zokhalira pamsana pa anthu anasiyira aliyense, ndipo palibe boma limene linakanapo. Mawu ouzira mwana kuti amayi ake kulibe sanandisiyire.

Masana Che Saidi wabwera kudzatenga kalata. Wapeza masamba ong'ambika pansi ponse. Wakhala pampando wa Rozina, wazindikira, wadzuka, wakhala pamtondo.

"Apolofesa, ndifunseko, ine wosaphunzira. Kalaliki wa ku Mangochi, mukuganiza kuti mkazi wake amamupempha madzi osamba m'chiyani? M'Chilatini? Ndi Myao ngati ine, kapena Mnyanja ngati inu. Lembani Chinyanja, achimwene. Luwiza adzawerenga yekha, popanda mlendo womuwerengera maliro a amayi ake."

Ndati ndiganizira.

Palibe choganizira. Ndakhala ndikuzidziwa chiyambire Lolemba. M'Chingerezi ndikanatha kulemba nkhaniyi osaimva. M'Chinyanja imveka.

Lamulungu

Ndalemba m'mamawa, tebulo likugwedera. Mizere iwiri ya kalaliki, yomupempha andifunire mwana. Kenako iyi:

Luwiza mwana wanga, amayi ako anatisiya mvula itangotha. Sanavutike nthawi yaitali, ndipo ankakutchula. Nsalu yawo yobiriwira ija ndakusungira. Ine ndili moyo, koma ndili ndi chimfine. Njira ikatseguka ubwere.

Mulibe liwu ndi limodzi la ku Roma. Yanditengera nthawi yochepa kuposa kuwiritsa mbatata.

Ya Chingerezi ija nayonso yapita. Che Saidi waikulungira kunja kwa inzake, chifukwa ndi imene ili ndi chidindo, ndipo asilikali a pamsewu amalemekeza chidindo kuposa munthu. Choncho zaka zanga zitatu za ku seminale zapeza ntchito: ndi envelopu.

Koluna yanyamuka belu la Misa yachiwiri likulira. Ndaima pamsewu mpaka fumbi litakhazikika. Kaya ifika, kaya Luwiza apezeka, izo si za Chilatini.

Kope ndalibwezera pansi pa mwendo wa tebulo, pomwe Rozina analiika. Tebulo lasiya kugwedera. Mayi uja ankadziwa ntchito ya chinthu chilichonse m'nyumba muno.